Seva yathu ikugwa chiikireni Lua mkati mwa ma thread 8

Gologolo:

Moni nonse. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo kwa masabata awiri tsopano, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene munadutsapo kale m'njira imeneyi. Tili ndi seva yolembedwa mu C++ yomwe imalandira mauthenga kuchokera ku zipangizo zoyezera kutentha, ndipo ntchito yake imagawidwa kwa ma thread 8, ndiko kuti tinjira 8 ta ntchito toyenda nthawi imodzi mkati mwa pulogalamu imodzi. Ogwiritsa ntchito sevayi anapempha kuti azitha kudzilembera okha malamulo, mwachitsanzo lamulo loti kutentha kukapitirira mlingo wakutiwakuti katatu motsatizana, chenjezo litumizidwe. Pofuna kuti tisamamangenso pulogalamu yonse nthawi iliyonse munthu akasintha lamulo, tinaikamo Lua 5.4, chinenero chaching'ono cholembera ma script, omwe ndi timapulogalamu tating'ono toyenda mkati mwa pulogalamu ina.

Chimene ndinachita n'chakuti ndinatsegula lua_State imodzi, ndiko kuti state, malo omwe Lua imasungamo zonse za ntchito yake, ndi luaL_newstate pamene seva ikuyamba, kenako ndinapatsa thread iliyonse yakeyake pogwiritsa ntchito lua_newthread, poganiza kuti dzina la function imeneyi likunena ndendende chomwe ndinkafuna. Poyesa pa kompyuta yanga ndi mauthenga ochepa, zonse zinkayenda bwino. Koma mauthenga akangochuluka seva imagwa, nthawi zina patangopita mphindi 20, nthawi zina patapita maola angapo, ndipo siigwera pamalo amodzi. Ndikatsegula core dump, chithunzi cha memory chomwe pulogalamu imasiya ikagwa, mu gdb, chida chofufuzira zolakwika, ndimapeza kuti yagwera mkati mwa Lua momwemo, tsiku lina mu luaH_get, tsiku lina mu propagatemark, malo omwe khodi yanga kulibeko n'komwe. Mafunso anga ndi awiri. Kodi ndalakwitsa pati? Nanga sikungakhale bwino kungosiya Lua n'kuika Python, popeza anzanga ambiri amaidziwa kale?

Mphungu:

Zikomo a Gologolo chifukwa chofotokoza mwatsatanetsatane, pakuti mayina awiri amene mwatchulawo aulula kale nkhani yonse. Dzina la lua_newthread lasokoneza anthu ambiri. Chimene Lua imachitcha thread si thread ya operating system ayi, koma coroutine, ndiko kuti kanjira kena ka ntchito komwe kamatha kuima n'kudzapitiriza, koma kamayenda mosinthana ndi tinzake, osati nthawi imodzi. Function imeneyi imakupatsani stack yatsopano basi, pomwe zina zonse zimakhala za onse: table ya ma global, registry, malo osungirako ma string, komanso wotolera zinyalala za memory. Choncho ngakhale mukuona ngati muli ndi ma lua_State 8, pansi pake pali interpreter, chomwe chimayendetsa ma script, imodzi yokha, ndipo ma thread anu onse akuigwiragwira nthawi imodzi popanda wodikira mnzake.

Mwina mungaganize kuti ma script anu amangowerenga, sasintha kanthu, choncho sangapondane. Zimenezi si zoona mu Lua. String iliyonse yaifupi, yosapitirira zilembo 40, imalembetsedwa mu table imodzi ya interpreter yonse kuti isakhale pawiri, kotero script ikangolumikiza mawu awiri, yalemba kale mu table imeneyo. Komanso nthawi iliyonse memory yatsopano ikapemphedwa, wotolera zinyalala amatha kudzuka n'kuyenda pang'ono, ndipo amayendera zinthu zonse, kuphatikizapo stack ya thread ina yomwe ili pakati pa ntchito. Propagatemark imene mwaiona ili m'gawo limenelo. Thread imodzi ikukulitsa table, ina ikuwerenga malo akale omwe amasulidwa kale, ndipo kugwa kumadzaonekera patapita nthawi, kutali ndi pomwe chinawonongekera. N'chifukwa chake simukupeza malo amodzi.

Nkhani yabwino ndi yakuti Lua inapangidwa m'njira yoti yankho lake n'losavuta. Amene anaiyambitsa ku yunivesite ya PUC-Rio ku Brazil m'chaka cha 1993 ankafuna chinenero chokhala mkati mwa mapulogalamu ena, ndipo Lua ya masiku ano imasunga zonse mkati mwa state, popanda zosinthika zobisika zomwe ma state awiri angalimbirane. Itanani luaL_newstate kasanu n'katatu, kamodzi pa thread iliyonse, ndipo ma interpreter amenewa sadzadziwana n'komwe. State yatsopano imatenga memory yochepa kwambiri, ma kilobyte makumi ochepa chabe, choncho musaope kuti seva ilemedwa.

Njiwa:

Ndikugwirizana ndi a Mphungu pa gwero la vutoli, koma ndikufuna kuti titchulenso njira ina, kuti a Gologolo asankhe akudziwa zonse. M'khodi ya Lua muli ma macro awiri, lua_lock ndi lua_unlock, omwe mwachibadwa sachita kanthu. Munthu angathe kuwatanthauzira kuti azitseka ndi kutsegula mutex, loko wolola thread imodzi yokha kulowa pa nthawi, kenako n'kumanganso Lua. Akatero, zomwe a Gologolo analemba kale zingayende popanda kusintha kwambiri, ndipo ma script onse angapitirize kuonera ma global amodzimodzi. Kodi imeneyi si njira yachidule kwa munthu amene seva yake ikugwa lero?

Mphungu:

Njirayo ilipodi, mayi Njiwa, ndipo imagwira ntchito, koma tiyenera kunena mtengo wake. Loko ameneyo amagwiridwa nthawi yonse imene Lua ikuyendetsa script, ndipo amangomasulidwa pamalo ochepa, makamaka pamene ikuitana function ya C. Zotsatira zake n'zakuti pa ma thread 8, imodzi yokha ndiyo imayendetsa Lua pa nthawi imodzi, zinazo zili pamzere. Mwamanga ndi manja anu chinthu chomwe anthu a Python akhala akuyesetsa kuchichotsa kwa zaka zambiri. Chachiwiri, loko ameneyu amateteza zamkati za interpreter zokha, sateteza maganizo a script. Ngati script yawerenga nambala mu table, n'kuitana function ya C, kenako n'kulemba nambala yatsopano, thread ina ingalowe pakati pomwepo n'kusintha nambalayo. Seva siigwanso, koma iyamba kupereka mayankho olakwika mwakachetechete, ndipo kwa ine zimenezo n'zoopsa kuposa kugwa, chifukwa kugwa kumasiya core dump pomwe yankho lolakwika silisiya chizindikiro chilichonse. Chachitatu, anthu olemba malamulowo si akatswiri a ma thread, ndipo sibwino kuwasenzetsa udindo woganizira zimenezi.

Nthengu:

Ndiyankhepo funso lachiwiri, popeza ndakhala zaka zingapo ndikusamalira pulogalamu ya C++ yomwe ili ndi Python mkati. A Gologolo, Python siingakuchotsereni vutoli, ingolisintha maonekedwe. CPython, interpreter yodziwika ya Python, ili ndi loko mmodzi wamkulu wotchedwa GIL, ndipo thread iliyonse yofuna kukhudza chinthu chilichonse cha Python, ngakhale kungowonjezera nambala yowerengera amene akuchigwiritsa ntchito, iyenera kukhala itamugwira. Thread yomwe inayambitsidwa ndi C++ imaitana PyGILState_Ensure isanalowe ndi PyGILState_Release ikamatuluka. Cholakwa choyamba chimene pafupifupi aliyense amachita n'kuiwala kuti thread imene yaitana Py_Initialize imatsala itagwira GIL, ndipo ngati siimasula ndi PyEval_SaveThread, ma thread ena onse amaima pakhomo mpaka kalekale. Kuyambira pa Python 3.2, thread yomwe yadikira ma millisecond 5 imapempha yomwe yagwira kuti imasule, choncho ntchito imasinthanitsidwa, koma khodi ya Python imayendabe pa core imodzi pa nthawi.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi ichi, ndipo ndichifotokoze pang'onopang'ono chifukwa chingakugwereni ngakhale mu Lua mukatsata njira ya loko mmodzi. Tinali ndi mndandanda wa zipangizo wotetezedwa ndi mutex. Thread yoyamba inatseka mutex imeneyo, kenako inafuna kudziwitsa script kuti chipangizo chatsopano chalowa, ndipo inayamba kudikira GIL. Pa nthawi yomweyo thread yachiwiri inali mkati mwa script, itagwira GIL, ndipo script inaitana function yathu yofunsa mndandanda womwewo, nayo inayamba kudikira mutex. Aliyense anagwira chomwe mnzake akufuna. Pulogalamu sinagwe, sinalembe kalikonse mu log, purosesa inangokhala duu osagwira ntchito. Ndinazindikira pokhapokha nditalumikiza gdb n'kulemba thread apply all bt, pomwe ndinaona thread imodzi ili mu take_gil ndipo ina ili mu pthread_mutex_lock. Kuchokera tsiku limenelo tinaika malamulo awiri: palibe kuitana script uli ndi mutex m'manja, ndipo function iliyonse ya C++ yomwe ingadikire kanthu iyenera kumasula GIL poyamba ndi Py_BEGIN_ALLOW_THREADS.

Ndinene chilungamo kuti zinthu zikusintha. Python 3.12, yomwe inatuluka mu Okutobala 2023, inalola kuti subinterpreter iliyonse, ndiko kuti interpreter yowonjezera mkati mwa pulogalamu yomweyo, ikhale ndi GIL yakeyake kudzera mu Py_NewInterpreterFromConfig, monga mwa chikalata cha Python chotchedwa PEP 684. Python 3.13 ya mu 2024 inabweretsa mtundu woyesera wopanda GIL, wochokera mu PEP 703. Koma ma module olembedwa mu C ayenera kukonzedwa mwapadera kuti alowe mu subinterpreter yotero, ndipo ma function a PyGILState analembedwa poganiza kuti interpreter ndi imodzi, choncho kuwasakaniza ndi ma subinterpreter kumafuna kusamala kwakukulu. Pa malamulo aafupi ngati anuwo, ine wokonda Python ndikukulangizani kuti mukhale pa Lua.

Gologolo:

Zikomo kwambiri nonse, tsopano ndaona pomwe ndinapunthwira. Ndavomera zoti thread iliyonse ikhale ndi state yakeyake, koma pali chinthu chimodzi chomwe chikundimangabe. Lamulo loti katatu motsatizana limafuna kuti script ikumbukire zomwe zinachitika pa uthenga wapitawo. Ngati uthenga woyamba wa chipangizo china wagwera ku thread yoyamba, wachiwiri ku thread yachisanu, wachitatu ku yachiwiri, ndiye kuti state iliyonse iwerenga kamodzi, ndipo chenjezo silidzatuluka. Kunena zoona, chifukwa chenicheni chomwe ndinafunira state imodzi chinali chimenechi. Kodi ndiike nambala zimenezi mu C++ n'kuziteteza ndi mutex?

Chiswe:

Funso limeneli ndilo mtima wa nkhani yonseyi, a Gologolo, ndipo yankho lake silili mu Lua koma m'kagawidwe ka ntchito. Musalole kuti uthenga ugwere kwa thread iliyonse yomwe yapezeka ilibe ntchito. Tengani nambala ya chipangizo, muiwerengere hash, muigawe ndi 8, ndipo chotsalacho chikhale nambala ya thread. Mukatero, mauthenga onse a chipangizo chimodzi adzapita ku thread imodzi nthawi zonse, kudzera pa mzere wakewake, ndiponso m'dongosolo lomwe anabwerera. Script ingasunge chiwerengero chake mu table wamba ya Lua popanda loko aliyense, chifukwa palibe wina amene angaikhudze. Onaninso kuti njira yanu yakale inali ndi vuto lina lobisika: ngakhale nambala ikanatetezedwa ndi mutex, uthenga wachitatu ukanatha kumalizidwa wachiwiri usanayambidwe, ndipo mawu akuti motsatizana akanataya tanthauzo.

Njirayi ili ndi kufooka kwake. Ngati chipangizo chimodzi chikutumiza mauthenga ochuluka kuposa zinzake zonse, thread yake idzalemedwa ina zikupuma. Muyeze kutalika kwa mzere uliwonse n'kumaulemba mu log kuti mudzaone zimenezi zisanafike poipa.

Pa zinthu zomwe ziyeneradi kudziwika ndi ma thread onse, monga chiwerengero cha machenjezo onse amene atumizidwa pa ola limodzi, pamenepo sungani mu C++ ndipo mupatse script ma function awiri kapena atatu ofikira kumeneko. Koma chodutsa pamalirewo chikhale kope la nambala kapena la mawu, osati table ya Lua kapena function, pakuti chinthu cha state imodzi chilibe tanthauzo mu state ina. Maganizo amenewa si achilendo. Tcl, chinenero chomwe John Ousterhout anayambitsa mu 1988, chimati interpreter ndi ya thread imene inaipanga, ndipo ma thread amatumizirana mauthenga ndi thread::send. OpenResty, yomwe imaika Lua mu seva ya nginx, imapatsa worker iliyonse ya nginx Lua yakeyake, ndipo zogawana zimadutsa mu ngx.shared.DICT, momwe mumasungidwa zinthu zosavuta monga nambala ndi ma string. Laibulale ya Lua Lanes nayo imakopera zinthu kuchoka mu state imodzi kupita mu ina. Mu QuickJS, interpreter yaing'ono ya JavaScript, JSRuntime imodzi siiloledwa kugwiritsidwa ntchito ndi ma thread angapo nthawi imodzi. Anthu osiyanasiyana, pa nthawi zosiyana, anafika pa mfundo yofanana chifukwa anakumana ndi vuto lomwe mwakumana nalo.

Mphungu:

Popeza a Chiswe atchula ma function a C++ okhala ndi mutex, ndichenjeze za msampha womwe uli pomwepo. Lua ikamangidwa ngati C, imanyamula zolakwika pogwiritsa ntchito longjmp, yomwe imalumpha kubwerera ku lua_pcall popanda kuitana ma destructor a C++, ma function omwe amamasula zomwe chinthu chinagwira ntchito yake ikatha. Taganizirani function yomwe mzere wake woyamba ndi std::lock_guard, yomwe imatseka mutex n'kudzaitsegula mu destructor yake, ndipo mzere wachiwiri ndi luaL_checkstring. Wolemba script akapereka nil m'malo mwa mawu, luaL_checkstring imaponya cholakwa, longjmp imalumpha, destructor ya lock_guard siiitanidwa, ndipo mutex imatsala yotseka. Script imalandira uthenga wabwinobwino wonena kuti yalakwitsa, aliyense n'kuganiza kuti nkhani yatha, koma thread yotsatira yofuna mutex imeneyo imaima osadzayendanso. Malamulo a C++ amanenanso kuti kulumpha destructor motero ndi khalidwe losatanthauzidwa, choncho zotsatira zake zingasiyane pa makina osiyana.

Dongosolo lomwe ine ndimatsata ndi ili. Choyamba ndimayesa ndi kutenga zonse zomwe script yapereka, ndisanakhudze loko. Kenako ndimatsegula chigawo chaching'ono cha khodi momwe ndimatseka mutex, kukopera zofunika, n'kutuluka, ndipo m'chigawo chimenechi simukhala function iliyonse yoyamba ndi lua_ kapena luaL_. Pomaliza ndimabweza yankho. Musaiwale kuti ngakhale lua_pushstring ingaponye cholakwa memory ikatha, choncho nayonso ikhale kunja kwa loko, ndipo std::string yomwe ili ndi moyo pa nthawiyo ingatayike osamasulidwa. Njira ina ndiyo kumanga Lua ndi compiler ya C++, pomwe imagwiritsa ntchito throw ndi catch m'malo mwa longjmp, ndipo ma destructor amaitanidwa bwinobwino. Mukasankha imeneyi, samalani ndi catch yogwira chilichonse m'khodi yanu, chifukwa ingameze cholakwa cha Lua chisanafike kwao. Mbali inayo ilinso chimodzimodzi: exception ya C++ isaloledwe kudutsa mkati mwa Lua yomangidwa ngati C.

Njiwa:

Ndamva mfundo za a Mphungu pa lua_lock ndipo ndazivomera pa nkhani ya a Gologolo. Ndikufuna kungokonza chinthu chimodzi chomwe owerenga ena angachimve molakwika. Lamulo la Lua si lakuti state iyenera kufera pa thread yomwe inabadwira, koma kuti ma thread awiri asaigwire nthawi imodzi. Ndi zololedwa kukhala ndi nkhokwe ya ma state, thread n'kubwerekapo imodzi, kuigwiritsa ntchito, n'kuibweza, bola kubwereka ndi kubwezako kukhale kotetezedwa. V8, yomwe imayendetsa JavaScript, nayo imalola Isolate, chofanana ndi state ya Lua, kusamuka pakati pa ma thread kudzera mu v8::Locker, pomwe Tcl siilola. Pa seva yomwe ma script ake sakumbukira kanthu, nkhokwe yotere imathandiza, makamaka ma thread akakhala ambiri koma ofuna script ali ochepa. Kwa a Gologolo siingathandize, popeza zomwe script ikukumbukira za chipangizo zili mu state inayake.

Funso langa tsopano ndi lina. Anthu olemba malamulo tsiku lina adzalemba while true do end, mwangozi kapena poyesa. Ndi kagawidwe ka a Chiswe, thread imeneyo ikaima, gawo limodzi mwa magawo 8 a zipangizo zonse lidzakhala lopanda woyang'anira, ndipo palibe chenjezo lomwe lidzatuluke. Kodi mwakonzekera bwanji zimenezi?

Gologolo:

Kunena zoona sindinaganizepo, mayi Njiwa. Ndimaganiza kuti thread yoyang'anira ingathe kungopha yomwe yaimayo ndi pthread_cancel n'kuyambitsa ina. Kodi pali cholakwika pamenepo?

Nthengu:

Chonde musatero. Thread yophedwa mwadzidzidzi ingafe itagwira loko wa mkati mwa malloc kapena mutex yanu, ndipo seva yonse idzatsamwa pang'onopang'ono. Kuwonjezera apo, pthread_cancel mwachibadwa imadikira kuti thread ifike pamalo ena ovomerezeka, monga poitana read kapena sleep, ndipo script yozungulira pamalo amodzi siifika pamalo otero. Interpreter iyenera kupemphedwa kuti iime yokha.

Lua ili ndi chida chake cha ntchito imeneyi, lua_sethook pamodzi ndi LUA_MASKCOUNT. Mumaiuza kuti ikayendetsa malangizo mwachitsanzo 10,000, iziitana function yanu. M'function imeneyo mumayang'ana wotchi, ndipo nthawi ikapitirira malire mumaitana luaL_error, script n'kuthera pomwepo, lua_pcall n'kubwerera ndi cholakwa monga mwa nthawi zonse. Pali zinthu ziwiri zofunika kuzidziwa. Choyamba, script yomwe ili ndi pcall yakeyake ingagwire cholakwa chanucho n'kupitiriza kuzungulira, choncho nthawi ikangotha tsitsani chiwerengerocho chifike pa 1 kuti cholakwa chiziponyedwa pa langizo lililonse mpaka script itatuluka, kapena musapatse ma script pcall n'komwe. Chachiwiri, hook, ndiko kuti chida chimenechi, imawerenga malangizo a Lua okha. Script ikalowa mu function ya C, monga string.find yokhala ndi pattern yovuta pa mawu aatali, hook siiitanidwa mpaka function imeneyo itabwerera. Choncho ikani malire pa kutalika kwa mawu omwe script ingalandire.

Mapulogalamu akuluakulu anakumana ndi funso lomweli. Redis, seva yosunga deta, yomwe inayamba kuyendetsa ma script a Lua pa mtundu wa 2.6 mu 2012, imayendetsa script imodzi pa nthawi, ndipo ikapitirira masekondi 5 imayamba kuyankha ena kuti yatanganidwa n'kulola lamulo la SCRIPT KILL. V8 ili ndi TerminateExecution, yomwe ingaitanidwe kuchokera ku thread ina. QuickJS ili ndi JS_SetInterruptHandler. Pa memory, Lua imakulolani kupereka function yanu yogawira memory kudzera mu lua_newstate. Muziwerenga ma byte amene state yatenga, ndipo ikapitirira malire mubweze NULL, script idzalandira cholakwa cha kutha kwa memory m'malo moti seva yonse imire. Popeza state iliyonse ili ndi thread imodzi, chiwerengero chimenechi sichifuna loko.

Chiswe:

Ndiwonjezere zinthu ziwiri zomwe zimaiwalika kawirikawiri. Ngakhale ma state ali osiyana, onse amakhala mu process imodzi, ndipo laibulale ya Lua ili ndi ma function omwe amakhudza process yonse. Script imodzi ikaitana os.exit, seva yonse yatha. Ikaitana os.setlocale, yasintha momwe ma thread onse amawerengera ndi kulembera nambala, ndipo m'malo mwa kadontho pangayambe kuoneka koma. Musaitane luaL_openlibs, koma mutsegule ma laibulale omwe mukuwafuna okha ndi luaL_requiref, monga base, string, table ndi math, kenako muchotse dofile, loadfile ndi load mu table ya ma global. Mukamalowetsa script ya munthu, gwiritsani ntchito luaL_loadbufferx ndi mode ya "t" kuti bytecode, ndiko kuti script yomangidwa kale, yochokera kunja ikanidwe, chifukwa Lua siiyesa ngati bytecode ndi yabwino, ndipo yopangidwa mwachinyengo ingagwetse interpreter.

Chachiwiri ndi kusintha malamulo seva ikuyenda. Thread yolandira lamulo latsopano isakhudze state ya wina aliyense. Iyese script mu state yakeyake yoyesera, ndipo ikaona kuti ilibe cholakwa, itumize mawu a script monga uthenga wapadera pa mizere 8 ija. Thread iliyonse ikafika pa uthenga umenewo, idzalowetsa lamulo latsopano yokha, pakati pa mauthenga awiri, pomwe palibe script yomwe ikuyenda. Muyenera kusankhiratu chomwe chichitike ndi ziwerengero zakale, ngati ziyambirenso pa 0 kapena zisungidwe. Ine ndimasunga zoyenera kukumbukira za chipangizo mu table yomwe seva imapereka kwa script monga argument, osati m'ma global a script, kuti lamulo likasintha table ija ikhalebe.

Gologolo:

Ndabweranso patapita masiku anayi kudzanena momwe zayendera. Ndinalemba zonse mwatsopano: state imodzi pa thread iliyonse, yopangidwa mkati mwa thread yomweyo, mauthenga ogawidwa potengera nambala ya chipangizo, hook yowerenga malangizo, ndi malire a memory. Seva yayenda masiku atatu pa mauthenga ochuluka osagwa, ndipo ma core onse akugwira ntchito.

Ndinamanganso pulogalamu yonse, pamodzi ndi khodi ya Lua, ndi -fsanitize=thread, ndipo ThreadSanitizer, chida chogwira ma thread omwe akupondana pa memory, inandionetsa zinthu ziwiri zomwe zinali zanga ndekha. Function yanga yokonza mawu a chenjezo inali ndi static char buf[256], malo amodzi omwe ma thread onse ankalembamo, ndipo tsopano ndamvetsa chifukwa chake tsiku lina chenjezo linatuluka ndi dzina la chipangizo china koma kutentha kwa chinzake. Yachiwiri inali localtime, yomwe imabweza malo amodzi kwa onse oitana, ndipo ndaisintha kukhala localtime_r. Ndinapezanso function imodzi yokhala ndi lock_guard pamwamba pa luaL_checkinteger, ndendende monga momwe a Mphungu anafotokozera.

Chatsala chimodzi. Ndikatseka seva ndi SIGTERM, signal yopempha pulogalamu kuti itseke, nthawi zina imagwa pomaliza penipeni. Thread yaikulu imaitana lua_close pa ma state onse, kenako imachita join, kudikira kuti ma thread enawo amalize.

Mphungu:

Dongosolo limenelo latembenuka, a Gologolo. Pamene thread yaikulu ikuitana lua_close, mwini wake wa state angakhale akadali mkati mwa script, ndipo mwabwereranso ku vuto loyamba lija la ma thread awiri pa state imodzi. Signal handler ingokweza mbendera basi. Thread yaikulu ikaona mbenderayo isiye kulandira mauthenga atsopano, itumize uthenga woti tsekani pa mzere uliwonse, ndipo thread iliyonse ikamaliza zomwe zinali patsogolo pake iitane lua_close pa state yake yokha n'kutuluka. Thread yaikulu ichite join pa onse 8, ndipo pokhapo iyambe kuphwasula zinthu za C++.

Chifukwa chake dongosololi lili lofunika n'chakuti lua_close siimangomasula memory, imaitananso __gc, function yotsanzikira, ya userdata iliyonse yomwe yatsala, ndiko kuti chinthu cha C++ chomwe munapatsa Lua. Ngati userdata yanu ili ndi pointer yopita ku chinthu chotumizira machenjezo kapena cholembera log, chinthucho chiyenera kukhala chidakali ndi moyo pa nthawiyo. Yang'anani makamaka ngati zinthu zimenezi ndi static kapena global mu C++, chifukwa zimaphwasulidwa main ikangobwerera, ndipo thread yomwe yachedwa idzapeza zitapita kale.

Gologolo:

Ndayang'ana, ndipo chotumizira machenjezo chinalidi mu unique_ptr yomwe imamasulidwa join isanachitike. Ndasuntha lua_close kupita kumapeto kwa function ya thread iliyonse, ndipo chotumiziracho tsopano chikumasulidwa pambuyo pa join yomaliza. Ndayatsa ndi kutseka seva maulendo 200 motsatizana pansi pa ThreadSanitizer, mauthenga akubwerabe, ndipo yatseka bwino maulendo onse. Mawa ndiyamba kuyeza kutalika kwa mizere monga a Chiswe ananenera, chifukwa ndaona kale kuti mzere wa thread yachitatu ukumatalika kuposa inzake.